Kutsokomola kwa Galimoto ya Esau

Injini inanjenjemera, inatsokomola kawiri, kenako n'kuzima pomwepo pageti.

"Mwaona? Mukangosiya kuipatsa moto, basi yazima," Tryphena anauza Lyton, makaniko amene anamuitanitsa kuchokera kudoko.

Galimotoyi ndi imene malemu mwamuna wake, Esau, ankanyamulira usipa kupita ku Mzuzu. Dalaivala watsopano anakana kuigwira isanakonzedwe, pomwe ana amafunika kudya.

Lyton anapukuta mapulagi, anayang'ana sefa ya mafuta, kenako anailizanso n'kutchera khutu. Anasolola kapaipi kong'ambika komangidwa ndi mphira.

"Ndi aka, amama. Kamalowetsa mpweya. A Esau ndinawauza kalekale, koma ankangoti mawa."

Anaika katsopano. Injini inalira bwinobwino, osanjenjemera, ngati galimoto ya munthu wina.

Tryphena anangoti chilili. Zaka zonsezi, kutsokomola kuja n'kuzima pageti ndiko kunkamuuza kuti bambo afika, awaikire madzi osamba. Chimwalirireni Esau, ankailiza yekha m'mawa kuti angomva phokoso limenelo.

"Yachira, amama," anatero Lyton akumwetulira.

"Yachiradi," Tryphena anavomera chapansipansi. Anatambasula dzanja. "Kakale kaja musataye. Ndipatseni."