Mandimu Anayi Pachipata

Mandimu anayi anali atayikidwa kale pansi, tayala lililonse la galimoto yatsopano ndi ndimu yake. Onse amayenera kuphwanyika galimoto ikamalowa, apo ayi tsoka limalowa nayo. Koma chipata cha nyumba imene a Ponnusami anali atangogula mumzinda wa Madurai chinali chopapatiza.

Mlamu wawo, a Velayudam, anatambasula dzanja. "Bweretsani makiyi, alamu. Chipata ichi si cha ana."

A Ponnusami anawalambalala n'kupereka makiyiwo kwa mwana wawo wamkazi, Kayal.

"Wa layisensi ya dzuloyu?" a Velayudam anaseka. "Yambani kuitanitsa njerwa, khoma lapita!"

"Ababa, nanga ndikaligunda?" Kayal ananong'ona.

"Khomalo ndi lathu," anayankha bambo ake.

Injini inalira. Phwa! Fungo la mandimu linadzaza pamsewu. Galimoto inalowa pang'onopang'ono, magalasi am'mbali atatsala pang'ono kukhudza khoma, n'kukaima pabwalo yopanda bala.

A Ponnusami anawerama, natola ndimu yophwanyika, n'kuiika m'dzanja la mlamu wawo.