Mawu Odzera M'payipi

Ragab anali pansi penipeni pa thanki ya sitima, padoko la ku Suez, atagwada mumchenga wakuda. Anzake anali atapala dzimbiri pogwiritsa ntchito mchengawo dzulo lake. Yake inali ntchito yowuyamwa ndi chipayipi chonenepa ngati ntchafu, chomwe chinkakwera kudzera pakabowo kena mpaka kumakina kunja.

Mwadzidzidzi makina anazima. M'thanki munangoti zii. Kenako m'payipi muja munayamba kutuluka mawu, ngati a munthu wolankhulira m'chitsime. Anali mawu a Hamdi, kapitawo wawo.

"Ragab akadali m'katimo? Asatuluke! Ndati asatuluke! Nonsenu chokani pano!"

Kumwamba, bowo lotulukira linatsekedwa. Kunatsala kuwala kwa katochi ka pachipewa chake basi.

Masiku atatu apitawo, Ragab anali atamunenera Hamdi kwa mabwana kuti amalowetsa anthu m'mathanki ndi zophimba kumphuno zong'ambika. Hamdi sanakalipe tsikulo. Anangomuyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Uli ndi ana angati, iwe?"

Ragab anataya payipi n'kukwera makwerero, mapazi akuterereka. Anakankha chivundikiro cha bowolo ndi phewa. Chinatukuka pang'ono, kenako chinabwerera mwamphamvu. Pamwamba pake panali munthu.

"Bwana Hamdi! Chonde, opani Mulungu! Ndikauza mabwana kuti ndinanama!"

Munthuyo ankakuwa ndithu, koma chitsulo chinkameza mawu onse. Ragab anasolola sipanala m'thumba n'kuyamba kumenya. Anamenya mpaka chikhatho chinang'ambika. Fumbi linamutsamwitsa, thukuta linamulowa m'maso. M'maganizo mwake anaona mkazi wake Nagat ataima pageti ndi ana anayi, akuuzidwa kuti mwamuna wake anakomokera m'thanki mwangozi. Ndani akanatsutsa? Anayesa kupemphera, koma mawu anamuthawa.

Sanadziwe kuti panapita nthawi yotani. Anangoona chivundikiro chikutseguka, dzuwa la masana n'kumuthobwa m'maso. Anatuluka ndi sipanala m'mwamba, atakonzeka kuphwanya mutu wa munthu.

Hamdi anali atakhala pansi pambali pa bowolo, nkhope itatuwa.

"Ndimakuuza kuti utsike pansi, bulu iwe!" anatero, mawu atasasa. "Makutu ako anadzaza mchenga?"

Analoza kumwamba. Makina onyamulira katundu ankasuntha pang'onopang'ono chimgolo cha mchenga woyamwidwa, matani asanu ndi atatu, chikulendewera pachingwe choduka chomwe chinatsala ndi ulusi umodzi. Chinali chitaima pamwamba pa bowolo nthawi yonseyi. Chivundikirocho chinalibe loko, ndiye Hamdi anachigonera yekha, pansi pa mgolowo.