Phulusa la Wendell

"Bwalo la besibolo? Analigumula kalekale, mayi," anatero mlonda wa pakolejipo. "Ndi pomwe mwaimapa."

Loretta Pruitt anamwaza maso uku ndi uku, koma bwalolo linali litasanduka poimika magalimoto, ndipo anadzaza mpaka kumpanda. Anafungatira kabokosi ka phulusa la mwamuna wake. Wendell ankaponya mpira pabwaloli ali mnyamata, ndipo akumwalira anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti adzawaze phulusa lake pakachulu pomwe ankaima poponya.

"Nanga kachuluko kanali pati, bambo?"

"Ine ndayamba ntchito chaka chatha. Kaya, mwina pansi pa galimoto yofiirayo."

Loretta anakhala pansi pambali pa galimotoyo, kudikira mwini wake. Dzuwa litapendeka, panafika mtsikana n'kuichotsa. Mayiyo asanatsegule n'komwe kabokosi, galimoto ina inali italowapo kale.