Dzuwa Si Moto

Luckson anajambula kanema yemweyo kachisanu m'chigafa cha fodya, foni ataitsamiza pamtengo, koma mafotokozedwe ake sanamukomerebe.

Anali mphunzitsi wa sayansi ku Nsaru, ndipo ankaika pa Fesibuku timakanema tofotokoza zakuthambo m'Chichewa. Bungwe lina la m'tauni linalonjeza makina oonera nyenyezi kwa mphunzitsi amene kanema wake adzakhale womveka komanso wopanda bodza. Tsiku lomaliza linali Lachisanu. Mwatsoka, pakamwa pake panali patathamanga kale: kalasi yonse anali atailonjeza kuti idzaona mwezi pafupi.

Chomusowetsa mtendere chinali munthu wina wodzitcha Wakumunda. Luckson atanena kuti dzuwa ndi chimoto chachikulu, anaonera anthu zikwi ziwiri, koma Wakumunda analemba kuti: "Moto umafuna mpweya, aphunzitsi, ndipo kumeneko kulibe. Musatinamize." Atafotokoza monga mwa buku, za haidirojeni ndi zina zotero, anaonera anthu khumi ndi anayi. Akafewetsa, ndi wabodza. Akanena zoona, akuyankhula yekha. Anasowa kolowera.

Sankakayika kuti Wakumunda ndi a Benson, mphunzitsi mnzake amene ankawafunanso makinawo. Milungu iwiri inatha osawapatsa moni.

Komatu Luckson ankafewetsa pomvera chisoni anthu ngati apongozi ake, mayi Lidiya, amene panthawiyi ankasoka fodya kuseri kwa chigafacho. Sukulu analekeza Sitandade 5. Pokhala mkamwini pamudzipo, sankayankhulana nawo maso ndi maso. Akakumana panjira, wina ankapatuka. Ngakhale buku lake lakale la sayansi mayiwo anachita kulipempha kudzera mwa mwana wawo, mkazi wa Luckson, ndipo Luckson anapereka akudziwa kuti likakulunga zitumbuwa.

Atatopa anatuluka, n'kupeza mkazi wake akumudikira pakhonde. Anati foni ya amayi yazima, ndiye akupempha awaikire pa sola.

Luckson anailumikiza, ndipo posakhalitsa inayaka. Inatsegukira pa Fesibuku. Pamwamba panali dzina loti Wakumunda, pansi uthenga umene unatsala wosatumizidwa:

"Mungonena kuti timbewu ta m'kati mwa dzuwa timapanikizana ngati fodya pa jeke podinda belo mpaka kuphatikana, kutenthako n'komweko. Ife tidzamva. Zili patsamba 112 la buku lanu lija."