Dontho Pansi pa Thiraki

Mgolo wakumbuyo kwa thiraki unkadontha. Dalaivala anauona ali pamzere wa paboda.

Abwana anali atamuuza kuti, "Akafunsa, ndi sopo wamadzi, no stress." Koma zinali zotaya za kufakitale, ndipo dontho limodzi linali litamuboolera nsapato.

Pansi pa thirakiyo panakhala mayi wogulitsa nthochi, kamwana kake kakukwawa pafupi.

"Mayi, tasunthani pamenepo, please," anatero dalaivala.

"Iii achimwene, mwayamba kugulitsa ndi mthunzi womwe?"

Ofisala wa paboda anali pompo, akusuzumira matayala. Akangomva, ndiye jele straight.

Kamwana kanatambasula dzanja kuti kawakhe dontho lotsatira.

"Ndi poizoni, mayi! Nyamulani mwana!" anakuwa dalaivala.

Ofisala anadzuka pang'onopang'ono, nkutembenuka.