Kiyi Anapita ndi Belo la Fodya

Panali munthu wina kwa Dzoole, mlimi wa fodya, dzina lake Vinsenti. Sanali woipa mtima, koma anali ndi nthenda imene ambiri a ife tinadwalapo: ankati mwamuna sauzidwa zochita.

Chaka china moto unapsereza chigafa chake, nyumba n'kupulumukira pakamwa pa moto womwewo. Atagulitsa fodya wa chaka chotsatira, anapita ku Mponela ndi mkazi wake Roza kukagula bokosi lachitsulo losapsa ndi moto. Linali ndi makiyi awiri.

"Wina mundipatse ndisunge," anatero Roza atafika kunyumba.

"Inu mayi a Alinafe? Mumataya ndi singano yomwe!"

Kiyi mmodzi anamuika m'bokosi momwemo n'kukhoma, ati mmenemo ndiye sangasowe. Winayo ankamubisa m'chigafa, pansi pa mulu wa fodya.

Awiriwa anali atakhala zaka zambiri ukwati wawo usanadalitsidwe kutchalitchi. Roza akakumbutsa, Vinsenti ankangoti, "Chaka chamawa." Koma tsiku lina mtima unafewa. Anaphunzira, analapa, bambo mfumu anaika tsiku. Mphete anagula n'kuzitsekera m'bokosi lija. Roza, chimwemwe chili tho, anapita kwawo ku Ntchisi kukaitana abale ndi kukatenga chimera cha thobwa.

Mkazi ali komweko, Vinsenti anadinda fodya. Mabelo anasokedwa, lole inabwera n'kunyamula. Ndiye akuti akaoneko mphete zake, kiyi palibe. Anasesa chigafa chonse, anapeta fumbi ndi lichero. Kenako anangokhala pansi, manja kumutu. Kiyi anali atapita ku okushoni m'kati mwa belo.

Nkhoswe yake, a Enoki, anamuuza kuti, "Aimbireni foni alamu muwauze. Apo ayi, kwezani bokosilo pangolo mupite nalo kwa Andireya wodula makiyi pa Mponela."

"Kuti Mponela yense andiseke? Ayi. Ndipo Roza asamve."

Ankayankhulira pagolosale, ndipo munthu wina wachilendo wa jekete lachikopa anatchera khutu.

"Madala, zimenezo n'zazing'ono. Ine ku Joni ndinkatsegula mabokosi aakulu ngati nyumba."

Vinsenti sanamufunse dzina ngakhale kwawo. Anamutengera kunyumba, anamuphera nkhuku. Mlendo atakhuta anatenga sipoko ya njinga, anaiphwanthaza ndi mwala, anailowetsa m'bowo la loko n'kuyamba kupotokola. Anapotokola, thukuta kamukamu. Thyo! Sipoko inathyokera m'kati.

"Osadandaula madala. Zida zenizeni zili kwa mnzanga pamsewu. Tandibwerekani njinga, ndibwera pompano."

Dzuwa linapendeka, mlendo osaoneka. Kunacha, zii.

Roza anabwera ukwati uli mawa lake, abale ali pambuyo ndi mitolo. Anapeza mwamuna wake atakhala pafupi ndi bokosi ngati ali pamaliro. Vinsenti anamukokera kuchipinda n'kuulula zonse: za belo, za mlendo, za nkhuku, za njinga. Ankadikira mkuwo.

Roza anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako anamasula mfundo ya pachitenje chake. Kiyi!

"Mwamutenga kuti ameneyu?"

"Tsiku lomwe tinagula bokosili. Inu mukukangana ndi mwini ngolo, makiyi anali m'chikwama changa. Ndinangodumpha msewu, a Andireya anandidulira wanga."

"Zaka zonsezi osandiuza?"

"Mukanandilanda n'kumutsekera m'katimo ndi mnzake."

Vinsenti anavina pomwepo. Koma poti alowetse kiyi, anakana kulowa. Sipoko ija inali itatseka njira. Ulendo wa ku Mponela umene ankauthawa uja unamupeza, ndipo unali wa masana, bokosi pangolo, iye ndi Roza pamwamba pake, a Enoki akukusa ng'ombe.

"Akwati!" ankafuula anthu m'njira. "Mphatso mwayamba kulandira lero?"

Andireya anaunika m'bowo ndi tochi ya foni n'kupukusa mutu. "Amene analowetsa sipoko umu ankakonza njinga kapena loko?"

"Njingayo ndiye anaikonzadi," anatero a Enoki.

"Ndisanagwire, tandiuzani muli chiyani. Ine sinditsegula bokosi la munthu amene sadziwa za m'kati mwake."

"Mphete!" anayankhira limodzi.

"Ndi kiyi wake wa bokosi lomweli," anawonjeza Roza.

Ogulitsa tomato onse anafa nalo phwete. Vinsenti anayamba wagwetsa nkhope, kenako nayenso anaseka. Andireya anatenga kachidutswa ka sowo yachitsulo, anakapala ndi tupa mpaka kanapyapyala, anakalowetsa m'mbali mwa sipoko kuti mano ake aikole, n'kukoka pang'onopang'ono. Kachitsulo kanagwera m'dzanja lake.

"Mayi, bweretsani wanu uja."

Roza anapotokola. Keche! Nthungululu zinamveka mpaka pa siteji ya maminibasi. Vinsenti anatulutsa kiyi wa m'kati uja n'kumupereka kwa a Enoki ndi manja awiri kuti amusunge, poti Roza anali naye kale wake.

Mawa lake tchalitchi chinadzaza. Vinsenti akuveka mkazi wake mphete, misozi ili m'maso, Roza anamuveka yake n'kumunong'oneza kuti, "Iyi yokha, bambo a Alinafe, musakaibise m'fodya."

Njinga sinabwerere mpaka lero.

Phunziro: Kiyi wapadera sasungidwa m'bokosi limene amatsegula, mpatseni amene mumagona naye nyumba imodzi. Loko akavuta pitani kwa wodula makiyi wodziwika, osati mlendo amene simudziwa kwawo. Ndipo abambo anzanga, vuto limene mukubisira mkazi wanu, mwina yankho lake lili pamfundo ya chitenje chake. Tumizirani ena, makamaka aliuma ngati Vinsenti, njinga zawo zisanapite.