Pasipoti Yodzozedwa

Mzungu wa pawindo la ku ofesi ya kazembe ananyamula pasipoti ya Esinam ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Mafuta awa ndi achiyani? Nkhope sikuoneka. Viza ya sukulu sitingaike umu."

Anali mafuta a Mneneri Agbeko, amene anaidzoza Lamulungu mpingo wonse ukukuwa. Sukulu ya unamwino kunjako inali itatsala sabata kutsegulira.

Potuluka pa ofesi ya kazembe, Esinam anaona suti yoyera pamzere. Mneneri yemwe uja, thukuta lili kamukamu padzuwa la Accra, atakumbatira envulopu.

"Mwana wanga, zatheka?"

Esinam anatsomphola envulopuyo. Pasipoti ya mneneri inali yokutidwa bwinobwino m'pulasitiki, yopanda ndi kadontho komwe.

Esinam anatsonya.

"Atate, botolo lija mwatenga? Bweretsani, nanunso ndikudzozereni."